Nkhokwe Inatseguka Ndili M'kati

Abale anga, zimene ndikuuzeni panozi si nthano ayi, komanso sindinazitole kwa munthu m'minibasi. Zinandichitikira ine mwini, thupi langa lomweli, ndipo nthiti zanga zimandikumbutsa mpaka lero kukangoyamba kuzizira. Mayina sinditchula, osati chifukwa cha mantha, koma anthu ake ali moyo, ana awo amaphunzira limodzi ndi mwana wanga, ndipo anawo sanandilakwire kanthu. Amene mukundidziwa muzindikira nokha kuti ndikunena za ndani, basi zikhale mumtima mwanu.

Ine ndine mayi wa konkuno ku Dowa, ndinakulira mbali za ku Bowe m'banja la alimi a chimanga ndi fodya, koma sukulu inanditengera ku ntchito imene ngakhale mayi anga sanaimvetse mpaka kumwalira kwawo. Anthu akawafunsa ankangoti mwana wawo amalankhula ndi makina, ndipo kunena zoona sankanama kwenikweni. Ntchito yanga inali yolemba mapulogalamu oyendetsa makina a m'fakitale. Mukalowa m'fakitale ya masiku ano mupeza kabati yachitsulo yodzadza mawaya, ndipo m'kati mwake muli kakompyuta kakang'ono kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mamota, kutsegula ndi kutseka zitseko za nkhokwe, kuyeza kutentha ndi kulemera kwa katundu. Kakompyutako pakokha n'kopusa zedi, kamachita zokhazo zimene munthu wakalembera. Ukakalembera kuti nkhokwe ikadzadza kazimitse lamba wokweza soya, kazimitsadi. Ukaiwala kulemba, kangosiya soya akusefukira pansi mpaka tsiku lonse. Ndiye wolembayo ndinali ine, ndipo ndinkazinyadira, sindikubisirani.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta a soya ndi mtedza, chakumtunda mukapitirira Madisi. Sindinali ndekha pa ntchito ya mapulogalamuyi. Ndinali ndi mnzanga, bambo amene tinaphunzira limodzi ku koleji, ndipo ndine amene ndinawaitanira ntchitoyo atakhala nthawi yaitali akungoyendayenda ndi mapepala m'tauni. Sitinali pachibale, koma ine ndinkawaitana achimwene, iwo n'kumandiitana achemwali, moti anthu ambiri pafakitalepo ankakhulupirira kuti ndife a mimba imodzi. Akazi awo ndinkati alamu, tinkabwerekana mchere ndi mbaula, mwana wanga akadwala ankagona kwawo ine ndili kuntchito. Mundiuze inu, munthu wotere mungamukayikire pa chiyani?

Pafakitalepo panali nkhokwe ina yachitsulo yoima pa miyendo italiitali, yopakirira malole. Soya ankalowa pamwamba ndi lamba, ndipo pansi pake panali chitseko chotseguka ndi mphamvu ya mpweya. Lole inkaima pa sikelo pansi pa nkhokweyo, wopakira n'kudina batani, chitseko n'kutseguka, soya n'kumakhuthuka yekha mpaka sikelo itakwana, kenako chitseko n'kudzitsekera chokha. Nkhokwe yotere imaoneka yofatsa, koma ife a ntchitoyi timaidziwa kuti ndi manda. Munthu ukaima pamwamba pa soya chitseko cha pansi n'kutseguka, umamira, ndipo palibe mphamvu za mwamuna aliyense zimene zingakutulutse. N'chifukwa chake polemba pulogalamu ya nkhokweyo ndinaikapo mtima wanga wonse. Ndinaika kiyi pafupi ndi makwerero, woti munthu asanalowe amupotoze n'kumuika m'thumba mwake. Kiyiyo akachotsedwa, pulogalamu inkakana kutsegula chitseko, kaya wina adine batani mpaka chala chitupe, ndipo pa sikirini iliyonse ya fakitale pankatuluka mawu ofiira akuti m'nkhokwe muli munthu. Tinaiyesa pamaso pa antchito onse, achimwenewo ali pomwepo, ndipo ine ndinalumbira pamaso pawo kuti nkhokwe imeneyi sidzadya munthu ine ndili moyo.

Tsiku lake linali Loweruka, nyengo yokolola, malole ali ndondondo kubweretsa soya kuchokera ku Ntchisi ndi ku Dowa konse. Achimwenewo kunalibe, anapita ku maliro a atsibweni a akazi awo kumapiri a Ntchisi, ndipo mukudziwa nokha kuti mkamwini sathawa maliro a kuchikamwini, anthu angamunene mpaka adzukulu ake. Ndiye ntchito yonse inali pamutu panga. Cha m'mamawa kachipangizo koyeza kudzadza kwa nkhokwe ija kanayamba kunama, kakuti yadzadza pamene ili theka, ndipo ndinadziwa kuti ndi fumbi la soya lamatirira. Kachipangizoko kanali pakhoma la m'kati, moti kuti ukafikire unkayenera kutsika n'kuima pa soya penipenipo. Zinali zinthu zimene ndinachitapo kambirimbiri. Ndinazimitsa lamba wa pamwamba n'kukhoma loko wanga, ndinapotoza kiyi uja n'kumuika m'thumba la ovolosi, ndinayang'ana pa sikirini n'kuona mawu ofiira aja atatuluka bwinobwino, ndinamanga chingwe m'chiuno, n'kuitana bambo ena achikulire amene ankapakira malole kuti akwere nane adzandigwirire chingwecho pakamwa pa nkhokwe. Palibe chimene ndinadumpha, ndipo ichi ndikuchinena mokweza chifukwa pambuyo pake anthu analankhula zambiri.

Ndinatsika, ndinaima pa soya, miyendo inalowa pang'ono mpaka m'akakolo monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kupukuta kachipangizo kaja ndi kansanza. M'nkhokwe mumatentha, mumanunkha fumbi, ndipo mawu ako omwe amamveka ngati a munthu wina. Ndinamva lole ikulowa pansi, koma sindinalabadire, nanga kiyi si anali m'thumba mwanga? Bambo aja pamwamba ankandiuza za mbuzi yawo imene inadya fodya wa oyandikana nawo, ine n'kumaseka. Kenako ndinamva phokoso limene sindidzaliiwala, mpweya kuti psii, chitsulo kuti khoo, pansi pa mapazi anga.

Mayo ine! Poyamba mutu wanga unakana. Ndinadziuza kuti mwina ndi nkhokwe ina, chifukwa iyi singatseguke, pulogalamu yake ndinailemba ndine. Koma soya anayamba kuyenda, pakati pa nkhokwe panapangika dzenje longa fanulo, ndipo ine ndinayamba kutsetserekera komweko. Ndinayesa kuponda kuti ndithawire kukhoma, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo, ndikoke umenewo winawo n'kulowa mpaka m'ntchafu. Ndinakuwa, bambo aja anakoka chingwe ndi mphamvu zawo zonse, ndinawamva akuitana Mulungu ndi amayi awo omwe, koma chingwecho chinangothina m'chiuno n'kukwera mpaka m'nthiti, ine ndikumirabe. Anthu inu, soya ndi tinthu ting'onoting'ono timene timasewera nato m'manja, koma akakuzinga amakugwira ngati simenti. Anafika m'chiuno, anafika pamimba, anafika pachifuwa, ndipo ndikatulutsa mpweya iye ankalowa m'malo amene chifuwa chasiya, moti mpweya wotsatira unkakhala wochepa kuposa woyamba. Ndinamva nthiti ikuthyoka, ndinamva jombo ikuvuka kuphazi n'kupita. Kukuwa ndinasiya chifukwa kunkandidyera mpweya. Ndinangokweza manja ndi chibwano m'mwamba n'kumayang'ana kabowo ka kuwala kamene kanali pamwamba, nkhope ya bambo aja ili pamenepo pakamwa pali yasa, ndipo chimene chinali m'mutu mwanga si pemphero ayi, ndinkangoganiza kuti mwana wanga ndamusiya ndi yunifolomu yosachapa.

Soya atafika pakhosi, ndinamvanso psii, khoo, zonse n'kuti zii. Mukudziwa chimene chinandipulumutsa? Si munthu ayi. Lole imene inabwerayo inali yaing'ono, sikelo inakwana msanga, chitseko n'kudzitsekera monga mwa pulogalamu. Ikanakhala imodzi mwa malole aatali aja, bwenzi lero mukumva nkhaniyi kwa ena. Dalaivala pansipo sankadziwa n'komwe kuti m'mwamba muli munthu, chifukwa woti amuuze anali bambo omwe aja amene ankandigwirira chingwe. Anadzidzimuka poona jombo ya munthu ili pamwamba pa katundu wake, ndipo akuti anakuwa ngati waona njoka.

Kunditulutsa inali ntchito ina. Kundikoka sikukanatheka, akanandidula pakati. Amuna anatsika atagona pa matabwa, anadula mgolo mbali zonse ziwiri n'kundiveka kuti soya asabwererenso, n'kuyamba kukapa ndi ndowa pang'onopang'ono, wina akundipukuta fumbi m'maso ndi malaya ake. Dzuwa linapendeka ndili momwemo. Pamene ankanditsitsa pa makwerero miyendo sindinkaimva, ndipo kiyi uja anali akadali m'thumba mwanga, ndinamutulutsa n'kuwaonetsa onse.

Ndiye mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno, chinthu chikachitika chopanda mutu timachipezera mutu. Ndisanatuluke n'komwe m'chipatala, nkhani inali itafika kale ku Madisi mpaka ku Bowe kuti nkhokwe yatseguka yokha, m'chipinda choyendetsera makina mulibe munthu, batani losadinidwa ndi aliyense panthawiyo. Ena ankati eni fakitale ndi okhwima, makina awo amafuna magazi chaka chilichonse chokolola. Ena ankati pamalopo panali manda akale. Azakhali anga anabwera ndi madzi odalitsidwa n'kundiwaza pabedi pomwepo. Ine zimenezo sindinkazikhulupirira, koma ndikuuzeni zoona, pamene munthu wagona chagada sungathe kutembenuka, ndipo ukudziwa kuti chinthu chosatheka chachitika, mtima umayamba kumvera chilichonse.

Achimwene aja anafika kuchipatala Lamulungu, fumbi la ku Ntchisi lidakali kumapazi, atanyamula thobwa ndi nthochi. Analira, anthu inu, misozi yeniyeni, anandigwira dzanja n'kunena kuti akanakhalapo iwo sizikanachitika. Anati bwana awatuma kuti afufuze pulogalamu yonse, ndipo ndisadandaule, apeza chimene chachitika. Ine mtima unakhala pansi, ndinati bola wofufuzayo ndi m'bale wanga. Patapita masiku anabweranso, nkhope ili yogwa, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anayamba ndi kundiuza kuti aliyense amalakwitsa, ngakhale akatswiri a kunja. Kenako anati zikuoneka kuti pulogalamu yanga ili ndi kampata penapake, kakuti magetsi akaphethira kakompyuta kamaiwala kuti kiyi wachotsedwa, ndipo anawauza kale bwana kuti asandikalipire chifukwa ndalangidwa kale mokwanira. Ndinawapempha kuti andibweretsere pulogalamuyo pa laputopu ndione ndekha, anabweretsadi mosavuta.

Apa ndiye pamene ndinazunzika kuposa m'nkhokwe muja. Ndinaiwerenga pulogalamu ija mzere ndi mzere, ndili pabedi, ndili kunyumba, ndikuphika, ndikuchapa, kufunafuna kampata kamene kanafuna kundipha, osakapeza. Ndipo m'malo moganiza kuti mwina kulibe, ndinkaganiza kuti mutu wanga ndi umene waperewera, kuti ndine mbuli yoti singaone ngakhale cholakwa chake chomwe. Nanga achimwene akananama? Nditachira ndinabwerera kuntchito, koma antchito amene kale ankandiitana kuti ndiwaonere makina anayamba kundilambalala. Ndikakhudza kabati ya magetsi, wina ankapita mwakachetechete kukaitana achimwene kuti adzaonenso. Ndinamva ndi makutu anga mnyamata wina wa ku boyila, chithanki chowiritsira madzi, akuti zinthu za amayiwa n'zofuna kuyamba wapemphera. Bwana anayamba kupereka ntchito zonse zatsopano kwa achimwene, ine n'kumangopatsidwa zolembalemba za mu ofesi. Choopsa kwambiri n'chakuti nanenso ndinasiya kudzikhulupirira, ndikati ndilembe ngakhale kamzere koyatsa fani, ndinkangofufuta n'kuyambiranso. Mapeto ake ndinasiya ntchito ndekha, ndipo achimwene ndi amene anandinyamulira katundu wanga mpaka pageti, akundiuza kuti ndipume kaye, mutu ukhazikike.

Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndi miyezi, ndikulima mtedza ndi kugulitsa mandasi, munthu amene ndinkayendetsa fakitale yonse ndi zala zanga. Mbiri yanga inali itandithera. Kulikonse kumene ndinkafunsira ntchito, nkhani inkakhala itafika kale yakuti ndi mayi uja pulogalamu yake inamukwirira yekha.

Choonadi chinanditulukira pamalo opanda pake, pachigayo. Tsiku limenelo magetsi anathima masana, amayi tinangokhala pa matumba athu kudikira, ndipo alamu aja, akazi a achimwene, anali pomwepo. Nkhani inali ya amuna ndi ntchito zawo, wina akudandaula kuti wake sapezeka pakhomo ngakhale pamaliro. Alamu anaseka n'kunena kuti awo ndiye alibe vuto limenelo, chifukwa fakitale yonse amayenda nayo m'thumba. Anati amuna awo anaika kanthu m'foni koti akhoza kuyendetsa makina ali kulikonse, ngakhale makinawo atakana. Pofuna kutsimikizira anzawo, anafotokoza kuti pa maliro a atsibweni awo ku Ntchisi, mwambo uli m'kati, bwana anaimba foni kuti lole yaima pansi pa nkhokwe ndipo chitseko chikukana kutseguka. Amuna awo anangodzuka pakati pa azibambo, n'kukwera pachulu kuseri kwa nyumba ya siwa pofuna netiweki, n'kudinadina, basi lole n'kudzadza, iwo n'kubwerera kudzanyamula nawo bokosi. Anati abale awo onse anagoma, mpaka amalume ena ankati mkamwini ameneyu ndi mzungu. Ankanena akuwala nkhope, mayi wosalakwa, osadziwa kuti akundiuza tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa. Iwo tsiku la ngozi yanga ankalidziwa, koma anali asanaziphatikizepo ziwirizi, chifukwa amuna awo anawauza kuti inali nkhokwe ina.

Ndinafunsa modekha kuti anali maliro ati, ngati kuti sindikudziwa, iwo n'kubwereza. Ndinafunsa ngati amuna awo amachitabe zimenezo, anati eee, ngakhale sabata yatha anatsegula ali kumunda. Chimanga changa ndinachisiya pomwepo, sindikumbuka n'komwe amene anandibweretsera.

Ndinapita molunjika kunyumba kwawo, ndinawapeza achimwene pakhonde akukonza njinga yamoto, n'kundilandira ndi chimwemwe chonse kuti achemwali mwatitaya. Sindinakhale pampando. Ndinawauza zimene ndamva pachigayo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha, sipanala n'kugwa m'manja. Poyamba anati akazi awo sadziwa zimene amalankhula. Ndinati chabwino, tiyeni panopa tikatsegule kabati ija tione pulogalamu imene ili m'kakompyutamo, osati imene munandibweretsera kuchipatala. Pamenepo anakhala pansi n'kugwira mutu. Anavomera kuti anawonjezera mizere yawo mobisa, yodumpha kiyi wanga, chifukwa bwana ankawavutitsa kuti malole asamaime iwo akachokapo, ndipo maliro ndi maukwati akuchikamwini sakanatha kuwakana. Anavomeranso kuti pa laputopu anandipatsa pulogalamu yakale, yoyera, ndipo nkhani ya magetsi ophethira anangoipeka. Ndiye kuti chaka chonse chija ndinkafunafuna cholakwa m'chinthu chimene chinalibe cholakwa, iwo akudziwa, akubwera kwathu kudzandifunsa ngati ndikugona bwino.

Ndinawafunsa funso limodzi limene linkandiwotcha. Ndinati pamene munali pachulu paja, foni yanu sinaonetse mawu ofiira akuti m'nkhokwe muli munthu? Ndinkafunitsitsa anene kuti ayi, mwina dzuwa linawathobwa m'maso, mwina foni sinkaonetsa zimenezo, ndikanapeza pogwira powakhululukira. Koma anayang'ana pansi n'kunena kuti inaonetsa. Anati anaganiza kuti wina wangoiwala kubwezera kiyi, komanso anthu anali atayamba kale kuimba nyimbo yonyamulira maliro, ndiye anali pachangu. Foni yomweyo inali m'manja mwawo, nambala yanga ili momwemo, kungoimba n'kufunsa kuti achemwali, kodi m'nkhokwe muli munthu? Sanaimbe. Anawerenga mawu amene ndinalemba ine, n'kudina.

Sindinawamenye, ngakhale manja ankayabwa. Ndinawapempha zinthu ziwiri zokha, kuti achotse mizere yawo ija lero lomwe asanaphe munthu, komanso kuti akaime pamaso pa antchito anene kuti pulogalamu yanga inalibe vuto. Choyambacho anavomera msangamsanga. Chachiwiricho anayamba kulira, ati ndiganizire ana awo, ati akanena adzachotsedwa ntchito mwinanso kumangidwa, ati zinadutsa kale ndiye kuzifukula kupindula chiyani. Kenako ananena mawu amene anandimaliza, akuti komabe achemwali, simunafetu. Ha! Simunafetu. Ngati kuti ndiwathokoze.

Ndinapita kwa bwana, ndikuganiza kuti mwina iwo sankadziwa kuti zinafika pati. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi fanta yemwe, n'kundiuza kuti iwo za mapulogalamu sazidziwa, amangodziwa kuti malole akuyenda, ndipo ngati ndili ndi umboni ndibweretse. Umboni ndikanautenga kuti, poti achimwene anali atafufuta kale mizere yawo madzulo omwewo, monga ndinawapempha ine mwini? Mukuona mmene ndinadzimangira? Pofuna kupulumutsa amuna amene ankalowabe m'nkhokwe ija, ndinafufutitsa chinthu chokhacho chimene chikanayeretsa dzina langa. Sindinong'oneza bondo pa chimenecho, ndikanachitanso chimodzimodzi, koma musandiuze kuti sizipweteka.

Ndinakaima pageti nthawi yoweruka n'kuwauza antchito zonse. Ena anandikhulupirira, makamaka bambo achikulire aja, amene anangogwetsa misozi n'kunena kuti kuyambira tsiku lija sagona bwino poganiza kuti manja awo ndi amene anafooka. Ena anati ndi nsanje chabe chifukwa mnzanga wakwezedwa paudindo. Ena mpaka lero amakonda nkhani ya magazi ndi kukhwima ija, poti ndi yokoma kufotokoza pa bawo. Achimwene akugwirabe ntchito pomwepo, ndiwo mkulu wa zamakina tsopano, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni wa achemwali, ine ndimangoyankha kuti ndili bwino bambo. Alamu anabwera kamodzi kudzagwada pakhomo panga akulira, ndinawadzutsa, iwo sanandilakwire. Ine pano ndimalemba timapulogalamu ta mapampu a madzi oyendera dzuwa m'madimba a kuno, ntchito yaing'ono, koma kudzikayikira kunatha kuchokera tsiku la pachigayo lija. Mutu wanga unabwerera, dzina langa ndiye silinabwerere.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti m'makina mulibe mizimu, ndipo makina sadana ndi munthu. Akachita chinthu chodabwitsa, dziwani kuti pali chala cha munthu penapake, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene ali ndi chifukwa chomveka bwino, wotanganidwa, woopa bwana, wosafuna kukhumudwitsa apongozi. Achimwene sankafuna kundipha, zimenezo ndikudziwa. Kudina kuja mwina tsiku lina ndidzakhululuka. Chimene chimandikanika ndi thobwa lija, misozi ija, ndi kundiyang'ana m'maso chaka chonse ndikudziyesa chitsiru.

Ndiye inu amene mumalowa m'nkhokwe, m'mathanki ndi m'maboyila a mafakitale amene akumera ponseponse masiku ano, ndikukupemphani, musadalire kiyi, musadalire mawu ofiira, musadalire ngakhale pulogalamu yolemba ine. Zulani paipi ya mpweya ndi manja anu, tsekani chitseko ndi chitsulo choti muchione ndi maso, ndipo musanatsike funsani kuti ndani winanso angathe kuyatsa makinawa, ndipo ali kuti panopa. Inunso anzanga olemba mapulogalamu, bwana akakuuzani kuti muike kanjira kachidule kodumpha chitetezo, kanani, ntchito ithe ngati ikutha. Wanga amene ananditsegulira chitseko anali kutali kumapiri, atavala jekete lakuda, akulira maliro a munthu wina, ndipo lole ija ikanakhala yaikulu, pobwerako akanapeza maliro anga.